Maliro a ku Vienna, mfuti ya pa Mangochi

Ukafika pa boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pali nsanja ya wotchi ija anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria. Chapambali pake pali mfuti yaikulu yachitsulo, yakalekale, yomwe ambirife timangoidutsa ngati chitsa. Ine ndinaiyang'anitsitsa tsiku lina chifukwa chosowa chochita. Minibasi yathu inali itatsitsa anthu, kondakitala ali kalikiliki kusaka ena oti adzaze mipando, ndipo dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa. Ndinafunsa mnyamata wina wa kabaza amene anali atayedzamira njinga yake pomwepo.

"Achimwene, mfuti iyi inachokera kuti?"

"Ya azungu akale imeneyo, bwana. Tikusiyeni pati?"

Sananame. Mfutiyo inali pa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, ndipo mu Ogasiti 1914 inalira pa nyanja yathuyi. Inalira chifukwa cha munthu amene anaphedwa kutsidya kwa nyanja zamchere, mu mzinda wa Sarajevo, masabata pafupifupi 7 m'mbuyomo. Munthuyo sanapondepo dziko lino, ndipo anthu a m'mphepete mwa nyanja dzina lake anali asanalimvepo.

Kusekondale tinkaloweza nkhaniyi ngati pemphero. Funso: tchulani chimene chinayambitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Yankho: kuphedwa kwa Franz Ferdinand, mlowaufumu wa Austria-Hungary, pa 28 Juni 1914. Malikisi awiri m'thumba. Ndinakhoza, koma mumtima sindinakhutire, ndipo nditakula n'kuyamba kudziwerengera ndekha, kusakhutirako kunangokula. Pajatu zaka zimenezo akuluakulu ankaphedwa ngati nkhuku za pa Khirisimasi. Mu 1898 anabaya Elisabeth, mkazi wa mfumu ya Austria yomweyo, ku Geneva. Mu 1900 anawombera Mfumu Umberto ya Italy. Mu 1901 Pulezidenti McKinley wa America. Mu 1908 mfumu ya Portugal inaphedwa tsiku limodzi ndi mwana wake woyembekezera ufumu. Mu 1913 mfumu ya Greece. Maliro onsewa analiridwa, manda anakumbidwa, anthu anabalalika. Palibe amene anabala nkhondo. Nanga awa anasiyana pati?

Tiyambe ndi malemuwo. Franz Ferdinand sanabadwire ufumu. Mfumu yaikulu, Franz Joseph, inali pampando kuyambira 1848, ndipo inali ndi mwana wamwamuna mmodzi, Rudolf, amene anadzipha mu 1889 ku Mayerling. Mpando unatsetserekera kwa mng'ono wake wa mfumuyo, ndipo iyenso atamwalira mu 1896 unagwera mwana wake, Franz Ferdinand. Mabuku achingerezi amati mfumuyo inali amalume ake, koma mwa chikhalidwe chathu anali bambo ake aakulu. Awiriwa sankamwerana madzi. Mlowaufumuyo anali munthu wa mtima wapachala, wosachedwa kukalipa, wokonda kusaka moti m'mabuku ake analembamo nyama zoposa 270,000 zimene anapha ndi mfuti yake. Sindikumukometsa ayi.

Koma panali chinthu chimodzi chimene anachita ngati munthu. Anakonda mkazi, Sophie Chotek, wa ku banja lolemekezeka la ku Bohemia koma losakhala la magazi achifumu, ndipo anakaniratu kumusiya. Mfumu inalola ukwatiwo mokakamizika, itamulumbiritsa pamaso pa akuluakulu onse kuti ana obadwa m'banjamo sadzalowa ufumu. Lumbirolo analichita pa 28 Juni 1900. Tsikulo lisungeni. Kuyambira pamenepo Sophie ankakhala ngati mlendo pakhomo pa apongozi ake. Pa zochitika za boma ku Vienna, likulu la Austria, sankaloledwa kukwera ngolo imodzi ndi mwamuna wake, ndipo polowa m'maphwando ankabwera kumapeto, pambuyo pa tiatsikana tachifumu tosatha msinkhu. Azimayi amene anakwatiwa ku banja lodzimva akudziwa kuwawa kwake. Ulendo wa ku Bosnia, dziko limene kuli mzinda wa Sarajevo, popeza unali wa zausilikali, unapatsa Franz Ferdinand mpata wokhala mgalimoto imodzi ndi mkazi wake pagulu, anthu akuwaimbira m'manja onse awiri.

Chinanso chofunika kwambiri n'chakuti pakati pa akuluakulu a ku Vienna, iyeyu ndiye ankakana nkhondo ndi Serbia. Osati chifukwa chokonda Aserbia, sankawakonda. Ankangoona kuti kumenya Serbia n'kuputa Russia, ndipo nkhondo ndi Russia idzagwetsa maufumu onse awiri. Mkulu wa asilikali, Conrad von Hötzendorf, anali atapempha kambirimbiri kuti amulole akathane ndi Serbia, ndipo amene ankamutsekera chitseko anali mlowaufumuyo.

Tsono anyamata amene anakonza zomupha. Bosnia inali m'manja mwa Aturuki kwa zaka mazana, Austria inailowa mu 1878, kenako mu 1908 inangolengeza kuti dzikoli ndi lake basi, osafunsa eni nthaka. Ife amene tinakhalapo pansi pa mbendera ya eni ake sitifunika kutifotokozera zambiri. Achinyamata ophunzira, ana a alimi osauka, ankakumana m'malo omwera khofi n'kumalota za tsiku limene Asilavu akummwera onse, ndiye kuti Aserbia ndi mitundu yachibale nawo, adzakhale dziko limodzi. Mmodzi mwa iwo anali Gavrilo Princip, wa zaka 19, wochepa thupi, wofooka. Mu 1912 anapita kukadzipereka kuti akamenye nkhondo ya ku Balkan, ndipo anamubweza kuti ndi wamng'ono komanso wopanda mphamvu. Mawu otere amakhala pamtima pa mnyamata.

Mfuti zinayi za mtundu wa Browning, mabomba 6 ndi chiphe choti amwe akamaliza ntchito anazipeza ku Belgrade, likulu la Serbia, kudzera mwa anthu a gulu lachinsinsi la Black Hand, lomwe mutu wake unali Dragutin Dimitrijević, wodziwika ndi dzina loti Apis, mkulu wa akazitape a asilikali a Serbia. Apis yemweyu anali m'gulu limene linapha mfumu ya Serbia ndi mkazi wake mu 1903. Sanali munthu wosewera naye, ndipo nduna yaikulu ya Serbia, Nikola Pašić, inkalimbana naye mwakachetechete. Apa ndi pamene nkhani imavutira: dzanja linali la akuluakulu ena a asilikali a Serbia, koma boma lenileni la Serbia silinali pamzere umodzi ndi anthu amenewo.

Tsiku linasankhidwa moipa. Pa 28 Juni Aserbia amakumbukira nkhondo ya ku Kosovo ya mu 1389, imene anagonja kwa Aturuki. Kubwera ndi mdipiti wa magalimoto a atsamunda pa tsiku loterolo kunali ngati kuimba ng'oma ya ukwati pasiwa. Njira yodzera inali italembedwa kale m'manyuzipepala. Asilikali ambirimbiri amene anali pa zoyeserera kunja kwa mzinda sanawaike m'misewu, chitetezo chinasiyidwa m'manja mwa apolisi ochepa. Bwanamkubwa wa Bosnia, Oskar Potiorek, ankafuna kuonetsa kuti kwake kuli bata.

Linali Lamulungu m'mawa, kunja kukuwala. Anyamata 6 anaima motalikirana mu msewu wa Appel Quay, umene umatsatira mtsinje wa Miljacka. Woyamba galimoto zinamudutsa ali njo, osachita kanthu. Wachiwirinso chimodzimodzi. Wachitatu, Nedeljko Čabrinović, anamenyetsa bomba lake pa mtengo wa magetsi kuti liyake n'kuliponya. Linagunda denga lopindidwa la galimoto ya mlowaufumu, n'kugwera pansi, n'kukaphulikira galimoto yapambuyo. Anthu angapo anavulala. Mnyamatayo anameza chiphe chija n'kudumphira mumtsinje kuti afe kawiri. Chiphecho chinali chosukuluka, chinangomusanzitsa, ndipo mtsinjewo, pokhala chilimwe, madzi ake anali olekeza m'kakolo. Anamutulutsa akumutibula.

Apa nkhani ikanathera pomwepa. Galimoto zinathamanga kukafika ku holo ya mzinda, kumene meya, ali ndi pepala lake lolemberatu, anayamba kuwerenga za chimwemwe chodzaza mitima ya anthu a Sarajevo. Franz Ferdinand anamudula pakamwa mokalipa, kuti iye wabwera kudzacheza ndipo akumulandira ndi mabomba. Sophie anamunong'oneza, mtima unatsika, mwambo unapitirira. Nthawi zonse ndikafika apa ndimamumvera chisoni meyayo. Tonse tinaonapo mkulu wina pa msonkhano akuwerenga zolembedwa dzulo pamene zinthu zasintha lero.

Atatuluka, mlowaufumu anati akufuna akazonde ovulala aja kuchipatala. Anagwirizana kuti asadzerenso m'timisewu tothina tam'kati mwa mzinda, angowongoka ndi Appel Quay. Nzeru yabwino. Koma palibe amene anauza madalaivala. Atafika pa mlatho wa Latin Bridge, galimoto zakutsogolo zinakhotera kumanja monga mwa pulogalamu yakale, ndipo dalaivala wa mlowaufumu, Leopold Lojka, anatsatira. Potiorek anakuwa kuti asochera, abwerere. Lojka anaponda mabuleki, galimoto inaima pafupi ndi sitolo ya zakudya ya Schiller, pamene Princip anali ataima.

Franz von Harrach, mwini galimotoyo, anali ataimirira pa chopondera cha kumanzere kuti atchinge mlowaufumu ndi thupi lake ku mbali ya mtsinje, kumene bomba lija linachokera. Princip anali kumanja. Anayandikira, anawombera kawiri. Chipolopolo china chinaboola chitseko n'kulowa m'mimba mwa Sophie, china chinalasa mwamuna wake pakhosi. Harrach anadzafotokoza pambuyo pake kuti anamva mlowaufumu akuchonderera mkazi wake kuti asafe, akhale moyo chifukwa cha ana awo, ndipo atamufunsa ngati akumva kuwawa, anangobwerezabwereza kuti palibe kanthu, mawu akunka nazilala. Isanakwane 12 koloko onse awiri anali atatsikira kuli chete. Zinali zaka 14 ndendende chilumbirire lumbiro lija. Anasiya ana atatu.

Mwina munaonapo pa Facebook nkhani yoti Princip anali atataya mtima n'kupita kukagula sangweji, ndipo galimoto inangomupeza akutafuna. Imeneyo ndi nkhambakamwa ya posachedwapa, m'maumboni a pa mlandu mulibemo. Anaima pamenepo chifukwa ndi pamene mdipiti unayenera kudzera. Koma ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaikonda. Imatipatsa mtendere woganiza kuti dziko linapsa mwangozi, chifukwa cha dalaivala wosauzidwa ndi mnyamata wanjala. Tsoka silinunkha, timatero, n'kupukusa mitu. Ine ndikukana. Ngozi inapha anthu awiri. Enawo, asilikali oposa 9 miliyoni ndi anthu wamba osawerengeka, anaphedwa ndi zimene akuluakulu ovala bwino anasankha atakhala pa mipando yawofuwofu, mwezi wathunthu, akudya katatu pa tsiku.

Umboni wanga woyamba ndi maliro. Munthu amene imfa yake ikuyenera kulipidwa ndi nkhondo, timayembekezera kuti maliro ake agwedeze dziko. Mitembo inanyamulidwa pa sitima yankhondo mpaka ku Trieste, kenako pa sitima yapamtunda, n'kufika ku Vienna usiku wa pa 2 Julayi. Mawa lake anthu anapatsidwa maola ochepa chabe oti aone mabokosi, ndipo mwambo wa mapemphero unali waufupi zedi. Mafumu a mayiko ena sanaitanidwe. Ngakhale Wilhelm, mfumu ya Germany, bwenzi la malemu, amene anali atacheza nawo kumudzi kwawo ku Konopiště masabata awiri okha m'mbuyomo, sanabwere. Mkulu woyendetsa miyambo ya kunyumba yachifumu, Montenuovo, amene ankazunza Sophie ali moyo, sanamuleke ali m'bokosi. Popeza mkaziyo sakanaloledwa kugona m'manda achifumu a ku Vienna, mwamuna wake anali atamangiratu manda awoawo ku Artstetten. Anawatengera kumeneko usiku, n'kuwawolotsa mtsinje wa Danube pa bwato, mvula ya mabingu ikugwa, mahatchi akudzidzimuka.

Taganizani chikanachitika n'chiyani mafumu ndi nduna za ku Ulaya akanakumana pasiwa pamenepo. Kwathu kuno tikudziwa kuti pamaliro ndi pamene anthu osalankhulana amakhala pa mphasa imodzi, ndipo nkhani zovuta zimakambidwa chapansipansi kuseri kwa nyumba. Mpata umenewo anautaya.

Ndinakhalapo pa maliro ena, kumudzi kwina kumene sinditchula, a bambo amene anadwala chaka chathunthu abale ake osabwera ngakhale ndi paketi ya shuga. Tsiku loika, abale omwewo ndi amene ankalira mogubuduka, ndipo dothi la pamanda lisanaume anali atayamba kufunsa makiyi a nyumba ndi buku la ku banki. Ndikamawerenga za Vienna ya mu Julayi 1914 ndimaona nkhope zomwezo. Malemu sankakondedwa, ena anapumira m'mwamba atamva za imfa yake. Koma mtembo wake unali wa ntchito. Conrad ndi nduna ya zakunja, Berchtold, anapeza chimene ankachisowa zaka zonsezi: chifukwa chomveka chokathyolera Serbia msana. Munthu yekhayo amene akanawaletsa ndi amene anali m'bokosi.

Sindikunena kuti Austria inalibe dandaulo lenileni. Mlowaufumu wako akaphedwa ndi mfuti zochokera kwa neba, sungangokhala chete. Koma pali kusiyana pakati pa kufuna chilungamo ndi kufuna mpata. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo Serbia inali itakhala pa mkhate wa Russia. A ku Vienna ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anayamba atumiza nthumwi ku Berlin. Pa 5 ndi 6 Julayi, Wilhelm ndi nduna yake yaikulu, Bethmann Hollweg, anawauza kuti achite chimene akuona kuti n'choyenera, Germany ili pambuyo pawo zivute zitani. Atatero Wilhelm anakwera sitima yake n'kupita kokapitidwa mphepo ku nyanja za ku Norway, monga ankachitira chaka chilichonse.

Kenako kunadutsa masabata awiri ndi theka a zii. Zifukwa zake zina n'zoseketsa. Asilikali ambiri a Austria-Hungary anali atapatsidwa tchuthi kuti akathandize kukolola kumidzi kwawo, ndipo kuwaitana msanga kukanaulula chinsinsi. Nduna yaikulu ya Hungary, István Tisza, inkakana nkhondo, ndipo panatenga masiku kuti aigonjetse. Komanso pulezidenti wa France, Poincaré, anali pa ulendo wokacheza ku St Petersburg, tsono anadikira kuti achokeko kaye, akhale pakati pa nyanja, kuti iye ndi mfumu ya Russia asapangane ali pamodzi. Munthu wopsa mtima ndi imfa ya mbale wake sawerengera masiku chonchi. Uku kunali kutchera msampha.

Pa 23 Julayi, 6 koloko madzulo, kalata inaperekedwa ku Belgrade. Mfundo 10, maola 48 oti ayankhe. Inalembedwa mwadala kuti ikanidwe. Aserbia anadabwitsa anthu: anavomera pafupifupi zonse, zina mozungulira ndithu, koma anakana poyera mfundo imodzi, yoti apolisi a Austria alowe m'dziko lawo kudzafufuza nawo mlanduwo. Kazembe wa Austria anangoliyang'ana pamwamba yankholo, katundu wake anali atamangiratu, ndipo pasanathe ola anali m'sitima. Wilhelm, atabwerako kokapuma, anawerenga yankho la Serbia m'mawa wa pa 28 Julayi n'kulemba kuti tsopano chifukwa chomenyera nkhondo palibenso. Tsiku lomwelo Austria-Hungary inalengeza nkhondo ndi Serbia, kudzera pa telegalamu.

Zotsatirazo zinathamanga ngati moto wa lupsa mu Okutobala. Russia inalamula asilikali ake onse kuti asonkhane pa 30 Julayi. Nicholas wa Russia ndi Wilhelm, amene anali pachibale, ankatumizirana matelegalamu m'Chingerezi, kusainira Nicky ndi Willy, aliyense kuchonderera mnzake kuti ayambe ndiye kubweza asilikali. Akuluakulu a nkhondo a Germany anali ndi pulani imodzi yokha: kugwetsa France msangamsanga kenako n'kutembenukira Russia, ndipo njira yachidule yopita ku France inali kudzera m'dziko la Belgium. Germany inalengeza nkhondo ndi Russia pa 1 Ogasiti, ndi France pa 3 Ogasiti, n'kulowa mu Belgium pa 4 Ogasiti. Britain, imene inasainira nawo pangano la mu 1839 loteteza Belgium, ndipo inali kale pa ubwenzi ndi France, inalowa usiku wa tsiku lomwelo. Pofika apa dzina la Franz Ferdinand linali litasowa kale m'makalata awo. Aliyense ankati akudziteteza.

Britain ikalowa nkhondo, sinkafunsa maiko amene inkawalamulira. Nyasaland inalowa ili m'tulo. Kumpoto kwathu, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kunali dziko la Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, ndipo pa nyanja panali sitima yawo ya mfuti, Hermann von Wissmann. Pakati pa Ogasiti, Kaputeni Rhoades anatenga Guendolen n'kukaipeza sitimayo ili pamtunda, akuikonza, pa doko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli. Anaiwombera n'kuilemaza. Nkhani imene imakambidwa mpaka lero imati kaputeni wa Chijeremani, amene anali mnzake wa Rhoades wa pa botolo, anapalasa kabwato kudzamufunsa ngati waledzera, chifukwa uthenga woti kwayambika nkhondo unali usanamufike. Mfuti ya pa Mangochi ija ndi imeneyo.

Azungu amaikonda nkhani imeneyi chifukwa ndi yoseketsa ndipo ili ngati masewera. Ya pa Karonga si yoseketsa. Pa 9 Seputembala 1914 gulu la Ajeremani linaukira boma la Karonga, ndipo linabwezedwa pambuyo pa nkhondo yoopsa. Manda a azungu amene anafa tsiku limenelo, a mbali zonse ziwiri, alipo pa Karonga mpaka pano. Koma ochuluka mwa amene anagwa anali asilikali akuda, ena atavala yunifolomu ya King's African Rifles, ena ya Ajeremani, anthu oti mwina akanakumana pa msika akanagulitsana usipa.

Patangopita miyezi iwiri, m'busa wa ku Mbombwe ku Chiradzulu, John Chilembwe, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yosavuta kumva: pa mtendere zonse ndi za azungu, koma pa nkhondo akuda akufunika kuti akakhetse magazi. Anati apite kunkhondoko olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda, m'malo motuma amphawi opanda kanthu amene akafa amangosiya mzere wa akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo pofika pa 3 Febuluwale iye anali ataphedwa. Madandaulo ake anali ambiri, thangata, msonkho, matchalitchi ake otenthedwa ku Magomero, koma nkhondo ya eni ake ndi imene inasefukiritsa mphika. Nkhope imene timaipinda m'matumba mwathu pa ndalama ili ndi ulusi wake wokafika ku Sarajevo, ngakhale kusukulu ziwirizi tinkaziphunzira m'mabuku osiyana.

Agogo anga aakazi, mayi a mayi anga, nkhondoyi ankaitchula kuti ya chiwaya. Ndili mwana ndinkaseka, chifukwa kwa ine chiwaya chinali cha tchipisi pa siteji. Iwo ankanena mfuti ija yolira mosalekeza. Bambo awo sanagwire mfuti, anali mtengatenga. Kuyambira 1916, pamene gulu la Jenerale Northey linalowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumalire akumpoto, chilichonse chinkayenda pamutu pa munthu: ufa, mpunga, zipolopolo, mahema, ngakhale zakumwa za mabwana. Misewu kunalibe, ndipo ng'ombe ndi mahatchi zinkafa ndi kashembe. Nyasaland yokha inapereka amuna pafupifupi 200,000 ku ntchito imeneyi, m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Werengani nokha kuti m'mudzi munkatsala ndani woti alime.

Agogo ankasimba zimene anamva kwa mayi awo. Amesenjala a boma ankafika mbandakucha, nyakwawa itapatsidwa kale chiwerengero cha amuna oti ipereke. Amuna ankagona kuphiri. Tsono amesenjala anaphunzira nzeru: ankagwira akazi n'kuwasunga mpaka mwamuna atadzipereka yekha. Bambo awo anatsika kuphiri chifukwa cha zimenezo. Anapita ndi nsalu imodzi. Katundu anali wolemera makilogalamu oposa 20, tsiku ndi tsiku, mvula ndi dzuwa, ndipo chimene chinkapha anthu kwambiri sichinali chipolopolo koma kamwazi, malungo, chibayo cha m'mapiri ozizira ndi njala. Wodwala ankasiyidwa m'mbali mwa njira. Ku East Africa konse, mbali ya Angerezi yokha inataya amtengatenga pafupifupi 95,000.

Mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anawazungulitsa mutu zaka zinayi. Mu Novembala 1917 anawoloka Ruvuma kulowa mu Mozambique, chaka chotsatira anatulukira ku Northern Rhodesia n'kulanda Kasama, ndipo uthenga woti ku Ulaya nkhondo yatha unamupeza m'mbali mwa mtsinje wa Chambeshi. Anakatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri mfuti zitaleka kulira ku France. Kuno nkhondo inayamba msanga n'kutha mochedwa. Obwerera kumudzi anabwera ndi chimfine chija cha 1918, chimene chinakolola ena amene nkhondo inawasiya.

Nanga anyamata a ku Sarajevo? Nkhuyu zodya ana zinapota akulu, koma anawo sanapulumuke. Princip sanapachikidwe chifukwa tsiku limene anapalamula mlanduwo anali asanakwanitse zaka 20, kutangotsala masabata ochepa. Anamupatsa zaka 20 m'ndende ya Theresienstadt, kumene chifuwa chachikulu chinamudya mpaka mafupa, anamudula mkono, ndipo anamwalira pa 28 Epulo 1918, nkhondo isanathe. Čabrinović anafera m'ndende yomweyo. Apis anawomberedwa ndi boma lake lomwe mu 1917. Mmodzi mwa anyamatawo, Vaso Čubrilović, amene anali ndi zaka 17 ndipo sanawombere, anatuluka, anakhala pulofesa wa mbiri yakale ndi nduna ya boma, n'kumwalira mu 1990 ali nkhalamba. Mfumu Franz Joseph inamwalira mu 1916, ndipo patapita zaka ziwiri ufumu umene ankati akuuteteza unaphwasuka zidutswazidutswa, monga malemu aja ankaopera. Ana amasiye atatu aja analandidwa nyumba ya ku Konopiště nkhondo itatha, ndipo mu 1938 anyamata awiriwo, Maximilian ndi Ernst, anatsekeredwa ku Dachau ndi boma la Hitler. Galimoto ija ili m'nyumba yosungiramo zakale zankhondo ku Vienna, pamodzi ndi yunifolomu ya magazi.

Bambo a agogo anga anabwerako patatha chaka ndi miyezi, ataonda ngati bango, pakati pa mutu tsitsi litathothoka pamene pankakhala katundu, ndipo silinamerenso. Ana a m'mudzi ankati ndi dazi la ukalamba, koma analibe ndi zaka 30 zomwe. Sankakonda kukamba za kumeneko. Akamva fungo la mpunga wophika ankatuluka m'nyumba.

Tsiku lina, ndili fomu 3, nditangoloweza kumene mayina a Sarajevo ndi Princip, ndinafuna kuonetsa nzeru zanga. Agogo anali pakhonde akusola chimanga m'lichero.

"Agogo, kodi mukudziwa chimene chinayambitsa nkhondo ya chiwaya ija?"

Sanatukule mutu. "Bambo ankati kwa azungu kunagwa zovuta. Kunamwalira mwana wa mfumu."

"Ndiye iwowo zinkawakhudza bwanji?"

"Iwe, pamaliro pamasowa ntchito? Ena amalira, ena amakumba. Iwo anapita kukasenza." Anapeta kawiri, mankhusu n'kuuluka. "Tandipatsira dengu ilo."